Jekete la malemu pa siteji

Anzanga awiri aja atayamba kundikakamiza kuti tikaonere sewero, ndinadziwa kuti pali chimene akundibisira. Tinali titadziwana kwa zaka zambiri, ndipo pa zaka zonsezo sindinamvepo mmodzi wa iwo akutchula za masewero. Kokumanirana kwathu kunali kodziwika: kumphakati wa kutchalitchi kwathu, kumaliro, kuukwati, mwinanso kuchipatala kukazonda wodwala. Mmodzi tinkangowatchula kuti amake mapasa. Ankagulitsa nyemba ndi mtedza moyang'anizana ndi benchi langa la salaula, zovala zakaunjika, mumsika wa ku Kapata. Enawo anali anamwino, aakulu kwa ife tonse, ndipo ndi okhawo anali ndi galimoto, kagalimoto kotuwa komwe chitseko chake chakumbuyo chinkatsegukira panja pokha.

Anayamba ndi amake mapasa, tsiku lina masana msika utazizira.

"Loweruka lino musapange pulogalamu ina, asisi. Tikukutengani."

"Kupita kuti?"

"Kuholo. Kuli sewero."

"Sewero? Inu? Mwayamba liti?"

Anaseka, n'kuyamba kusankha nyemba zimene anali atasankha kale m'mawa. Madzulo ake anamwino anandiimbira foni n'kunena mawu omwewo, ngati anachita kuphunzitsana. Anawonjezera kuti matikiti agula kale, ndipo ndivale bwino.

Mawu akuti ndivale bwinowo ndi amene anandipatsa maganizo oyamba. Anamwino anali ndi mlongo wawo ku Chipangali, mlimi wa chimanga amene mkazi wake anamwalira. Bamboyo anali atabwerapo kangapo pabenchi langa, n'kumatembenuza mathalauza, kufunsa za mvula, kenako n'kuchoka osagula kanthu. Ine amuna anga anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo ndinali nditauza aliyense wofuna kumva kuti za banja lina sindikuzifuna. Ndiye ndinati mumtima, ehe, akufuna akandikhazike pafupi ndi bambo uja mumdima.

Koma panalinso nkhani ina imene inkandisowetsa tulo, ndipo iyi ndiyo inali yaikulu. Anyamata anga awiri anali kuntchito ku Lusaka. Pakhomo ndinatsala ndi chitsiriza wanga, mtsikana amene anali atamaliza giredi 12 ndipo ankadikira malo kukoleji. Mwanayu anali wofatsa chibadwire, wosakonda kuyenda. Koma miyezi imeneyo anasintha. Masana ankachoka, ati kukwaya. Nditakumana ndi amayi otsogolera kwayayo n'kuwathokoza kuti akundisungira mwana, anandiyang'ana modabwa. Anati amangomuona Lamulungu basi. Sindinamufunse mwanayo. Ndinafuna ndione kaye komwe bodzalo likupita.

Ndinayamba kutchera khutu. Akalowa m'bafa ndinkamva akulankhula, mawu otsika, nthawi zina ngati akukangana ndi munthu, nthawi zina ngati akuchonderera. Ndinkaganiza kuti walowa ndi foni, koma tsiku lina ndinapeza foniyo ili patebulo iye akulankhulabe mkatimo. Tsiku linanso ndikuchapa ndinaona kolala ya bulauzi yake ili mbuu, ngati munthu wachokera kuchigayo. Kenako chitenje changa chakale chobiriwira chinasowa pachingwe. Ndinakalipira ana a pafupi, amayi awo mpaka anakwiya nane.

Choncho Loweruka litafika ndinali ndi maganizo awiri. Mwina akufuna kundipatsa mwamuna, kapena aona mwana wanga akuyenda ndi mwamuna ndipo akufuna ndikadzionere ndekha, poti pakamwa akulephera kundiuza. Mwanayo anachoka dzuwa likadali pamutu, atanyamula chikwama chotupa. Anati akukathandiza kukongoletsa kutchalitchi. Ndinangoti, "Pita," n'kumuyang'ana mpaka anakhota pangodya.

Sindinavale bwino. Ndinavala diresi langa lopitira kumaliro ndi juzi, dala. Anamwino atafika ndi kagalimoto kawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Amake mapasa anali kale kumbuyo, atadzola mafuta onunkhira, ali ndi mpango watsopano kumutu. Njira yonse awiriwo ankakamba za mtengo wa feteleza ndi za msewu wokumbika, nkhani zimene sindinawafunse. Ndikatsegula pakamwa kuti ndifunse za seweroli, wina ankayambitsa ina.

Tinafika dzuwa litangolowa kuseri kwa mapiri. Inali holo ya tchalitchi china chakumtunda kwa tauni, ndipo anthu anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Panja panali njinga zoyedzamira khoma, amayi ogulitsa zitumbuwa ndi chimanga chootcha, ana asukulu akukankhana pawindo. Ndinayamba kuyang'ana nkhope imodziimodzi, kufunafuna mwana wanga kapena bambo wa ku Chipangali uja. Sindinaone aliyense wa iwo.

Pakhomo panali bambo wandevu amene ankalandira matikiti. Atawaona anamwino anamwetulira, kenako anandiyang'ana ine.

"Kodi amayi aja ndi awa?"

"Tiyeni, tiyeni, tikutsekereza anzathu," anatero anamwino, n'kundikankha pamsana.

Amayi aja. Ndiye kuti ine ndinali nditakambidwa kale pamalo pano, ndi anthu amene sindikuwadziwa. Ndinafuna kubwerera pomwepo, koma kumbuyo kwanga kunali khamu, ndipo kwathu kunali kutali.

Mipando yathu inali mzere wakutsogolo kwenikweni, atayikapo nsalu kuti wina asakhalepo. Inali inayi, ife tili atatu. Anzangawo anakhala mbali imodzi, ine n'kutsala kumapeto, mpando wopanda munthu uli pambali panga. Ndinaikapo chikwama changa n'kuchigwira ndi dzanja. Aliyense wamwamuna wodutsa ndinkamuyang'ana ndi diso loti asayerekeze. Potsiriza anabwera agogo ena aamuna oyenda ndi ndodo, atagwiridwa mkono ndi bambo wandevu uja. Ndinachotsa chikwamacho mwamanyazi. Agogowo anali osamva bwino, ndipo sewero lonse ankangondifunsa kuti, "Wati bwanji?" Za mlongo wa anamwino zinathera pamenepo. Sanabwere n'komwe, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti tsikulo anali kwawo akukolola.

Katani inali ya mashiti a pabedi osokedwa pamodzi. Itatsegulidwa tinaona khonde la nyumba yakumudzi, mtondo, mpando wandalema, ndi nkhokwe yojambula pansalu. Wolengeza anati nkhaniyi ikuchitikira kumudzi wina ku Kasenengwa. Inali ya mayi wamasiye amene mlamu wake ankafuna kugulitsa munda wa malemu kwa munthu wa m'tauni. Anayamba kulowa mlamuyo, wamimba yoika pilo, akuyeza munda ndi mapazi, anthu n'kumaseka. Ine sindinkaseka. Ndinkacheukira kumbuyo, kuyang'ana m'makona amdima momwe anyamata ndi atsikana anakhala awiriawiri.

Kenako analowa mayi wamasiyeyo. Anali wowerama pang'ono, tsitsi lotulukira kumpango lili mbuu, atasenza mtolo wa nkhuni. Choyamba kuzindikira chinali chitenje. Chobiriwira, chong'ambika pang'ono m'mphepete momwe chinakodwa pawaya. Ndisanamalize kudabwa, mayiyo anatula nkhuni, n'kuika manja m'chiuno, n'kumuyang'ana mlamu uja cham'mbali.

"Alamu, maso angawa si okongoletsera nkhope ayi. Amaona."

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Amake mapasa anawerama n'kundimenya pantchafu, misozi ili m'maso. Mawu amenewo ndi anga. Ndimawanena kwa ana anga, kwa makasitomala ofuna kubisa malaya m'chikwama, kwa aliyense. Ndipo mawu otuluka pasitejipo anali a mwana wanga, ngakhale anawakhuthalitsa kuti amveke ngati a munthu wamkulu.

Ndinasangalala kaye pang'ono, sindikana, poti ufa wa pakolala uja, zolankhula za m'bafa zija, zonse zinapeza mwini wake, ndipo sizinali zimene ndinkaopa. Koma chisangalalocho sichinakhalitse. Mwanayo ankayenda ngati ine, ankanunkhiza ndiwo asanalawe ngati ine, ankapukuta mpando mlendo akangonyamuka ngati ine. Anthu a kumsika kwathu anali m'holomo, ena a kumphakati analimo. Ndinkamva kuseka kwawo kumbuyo kwanga ndipo ndinkadzifunsa kuti akuseka mayi wa m'seweroyo kapena akuseka ine. Ndiye mpando wakutsogolowu anandisungira kuti anthu aziona bwino msana wanga?

"Wati bwanji?" anafunsa agogo aja.

"Wati maso ake amaona," ndinayankha mokweza, osafuna.

Chapakati pa sewero mayi wamasiyeyo anagona pamphasa n'kuyamba kulota masiku a utsikana wake. Anavula mpango wa imvi uja, n'kuwongoka, n'kukhala mwana wanga weniweni. Kuchokera kumbali kunalowa mnyamata wamtali, woonda, amene ankasewera ngati mwamuna wake asanamwalire. Anavala jekete lakhofi.

Ndinaligwira dzanja la mpando. Jekete limenelo ndinalisita kwa zaka zambiri. Amuna anga ankalivala popita kumisonkhano ya alimi a thonje ndiponso pa Misa za masiku aakulu. Thumba lakumanzere ndinalisoka ndekha ndi ulusi wakuda chifukwa wakhofi unanditha, ndipo kuchokera pamene ndinakhalapo ulusiwo ndinkauona. Zovala zina zonse za malemu zinagawidwa kwa abale mwambo utachitika, koma ili ndinapempha alamu anga kuti litsale. Linkakhala m'sutikesi pamwamba pa wodilopu, ndipo ine ndemwe ndinkalitulutsa mwa apo ndi apo, kuliyanika n'kulibwezera.

Tsopano linali pamapewa a mwana wa eni amene sindinkamudziwa ngakhale dzina, manja ake aatali atatulukira kunja.

Mnyamatayo anagwira dzanja la mwana wanga n'kumamulonjeza kuti adzalima munda wonse mpaka kudambo. Anthu anaombera m'manja, atsikana akukuwa. Ndiye magetsi anathima, monga amachitira kwathu kuno. Kunamveka mluzu, mafoni anayaka apa ndi apo, wina panja akulimbana ndi jenereta. Itadzuka, nyali zinabwerera mwadzidzidzi. Osewera ena amene anali m'mbali anali atabalalika, wina akumwa madzi, wina akukonza nsalu. Koma awiri aja anali pomwe paja, manja akadali ogwirana. Mumdima munalibe woonera. Ankagwiranirana ndani?

Ndinayang'ana anzanga. Anamwino ankakupiza nkhope ndi tikiti. Amake mapasa ankayang'ana pansi, ngati ataya kanthu.

Gawo lotsiriza linandigwira mwa njira ina. Mayi wamasiyeyo, atapambana mlandu wa munda, anapita yekha kumanda kukauza mwamuna wake. Anagwada, n'kuyamba kumufotokozera zinthu zazing'ono: kuti mbuzi yaswa, kuti denga likudontha pamwamba pa bedi, kuti mwana wakhoza mayeso. Kenako mawu anamuthera ndipo analira. Ine ndikudziwa kulira kochita kupanga, ndakuona kumaliro ambiri. Uku kunali kwina. Pamaliro a bambo ake mwanayu sanagwetse msozi. Anangokhala pakona, maso gwa, mpaka azakhali ake anayamba kunong'onezana. Misozi imene sindinaione tsiku lija ndinaiona usiku umenewo, pamaso pa anthu odzaza holo. M'holomo munali zii. Agogo aja sanafunsenso kanthu. Ndinapukuta m'maso ndi mkono wa juzi mofulumira kuti anzanga asaone.

Sewero litatha, bambo wandevu uja, amene anali mtsogoleri wa gululo komanso mphunzitsi, anabwera kudzatitenga. Anatilowetsa m'kachipinda ka kuseri komwe osewera ankavulira. Munali fungo la thukuta ndi ufa. Anandiuza kuti mwana wanga ali ndi mphatso, kuti ankaopa kundiuza, kuti gulu lawo ndi la ana olongosoka. Ndinkangogwedeza mutu, maso anga ali kwina.

Mwana wanga anabwera n'kugwada patsogolo panga, ufa ukadali m'nsidze.

"Amayi, pepani."

"Tikakamba kunyumba. Jekete lili kuti?"

Mnyamata uja anali kale chilili kumbuyo kwake, atalivula. Analipinda bwinobwino, mapewa mkati monga amapindira anthu odziwa zovala, n'kugwada, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Zikomo amayi. Ndinalisamala."

"Unadziwa kuti ndi la ndani?"

"Anandiuza, amayi."

"Ndiye unavalabe?"

Anayang'ana mwana wanga, mwana wanga n'kuyang'ana pansi. Kuyang'anako kunali kwa kanthawi kochepa kwambiri, koma ndinakuona.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Chiparamba, amayi. Kuno ndikuphunzira zauphunzitsi."

"Makolo alipo?"

"Alipo onse."

Anamwino analowererapo, ati kunja kwada, tizipita, mwana abwere nafe. Mwanayo anati ayenera kutsala kuti athandize kuchotsa mipando ndipo aphunzitsi awaperekeza onse pa minibasi. Ndinati mipando ichotsedwa ndi ena. Mwanayo analowa m'galimoto, kumbuyo pamodzi ndi amake mapasa, ine kutsogolo jekete lili pamiyendo.

Tinayenda kamtunda. Ndinayamba ndine kufunsa.

"Ndiye mwadziwa liti?"

"Asisi, musakwiye," anatero anamwino. "Mwanayu anabwera kwa ine mwezi watha. Anati akufuna mudzamuone koma akuopa kuti mukamva mawu oti sewero mumuletsa musanamuone n'komwe. Ndiye tinati tikutengeni mudzaone nokha. Kodi sanachite bwino?"

"Wachita bwino kunditsanzira pamaso pa anthu a kumsika."

"Palibe amene amaseka inu. Mayi uja ndiye wapambana mlandu, simunaone?"

"Nanga za mnyamatayu?"

"Mnyamata uti? Wa jeketeyu? Aaa, asisi, zija n'zasewero. Ine za mnyamata sindikudziwapo kanthu, ndikulumbira."

Ndinawakhulupirira anamwino, chifukwa akamanama amachita chibwibwi, ndipo apa sanachite. Koma amake mapasa, munthu amene sakhala chete ngakhale mu Misa, anali phee, nkhope atalozetsa kuwindo.

"Amake mapasa, inu mwangoti duu bwanji?"

"Mutu, asisi. Jenereta ija."

Kunyumba sindinafune kukamba usiku. M'mawa titabwera ku Misa ndinamukhazika mwanayo pakhonde. Za kwaya anavomera kuti ananama. Za chitenje anaseka pang'ono, ine osaseka. Za jekete anati gulu linalibe jekete looneka la munthu wamkulu, ndipo iye anaganiza kuti akaliona pasiteji zimuthandiza kuchita bwino gawo la kumanda lija. Anati popanda jeketelo ankangonena mawu, osamva kanthu. Ndinangomuuza kuti chinthu cha malemu sachitulutsa m'nyumba mwakuba, akanandipempha.

"Mukanalola?" anafunsa.

"Ayi."

Kenako ndinafunsa za mnyamatayo. Anati ndi mnzake wa m'gulu basi, ngati ena onse. Ndinafunsa chifukwa chimene sanasiyane manja magetsi atathima. Anati aphunzitsi anawauza kuti magetsi akathima aliyense aime pomwe ali. Ndinati nanga ena aja bwanji anabalalika. Anati ena aja samva malangizo.

Sindinamuletse masewerowo. Ndinaona kuti ndikamuletsa azipitabe mobisa, ndiye bola azipita ine ndikudziwa. Koma ndinaika lamulo loti azibwera dzuwa lisanalowe, ndipo masiku ena ndinkatseka benchi msanga n'kukatulukira komwe ankakonzekerako osanena. Ndinkakhala kumbuyo ndi chikwama changa. Nthawi zonse ndinkapeza mnyamata uja ali mbali ina ya chipinda, mwana wanga mbali ina, kutalikirana kuposa mmene anthu osadziwana amatalikirana. Ndikauza anamwino ankati ndikudzivutitsa ndekha. Ndikauza amake mapasa ankasintha nkhani, kapena kasitomala ankawapeza mwadzidzidzi.

Mwanayo anapeza malo kukoleji, anapita, anamaliza. Patchuthi chilichonse ankabwerera kugulu lija. Chaka chimene anayamba ntchito, alamu anga anandiimbira kuti kwabwera anthu ochokera ku Chiparamba, akufuna tsiku loti adzaonekere pakhomo. Sindinafunse kuti ndi a mnyamata uti.

Tsikulo tinayala mphasa, tinabwereka mipando, anamwino anabwera m'mamawa kudzandithandiza kuphika. Amake mapasa ndinawaitananso koma anati ali ndi ulendo, afika mochedwa. Alendowo atafika pageti ndinasuzumira pawindo la kukhitchini. Kutsogolo kunali amalume ake a mnyamatayo ndi nkhoswe yawo, kenako amayi awiri achikulire. Kumbuyo kwenikweni, atasenza dengu pamutu, atavala chitenje chofanana ndi cha amayi enawo, kunali amake mapasa.

Anamwino anaika chikombe pansi. "Aaa! Awa akutani kumeneko?"

Zinadziwika pamwambopo kuti mnyamatayo ndi mwana wa achemwali awo a amake mapasa, wobadwa kwa akulu awo enieni. Nthawi yonse imene ankaphunzira m'tauni, Lamulungu lililonse ankakadya kwa amake mapasa.

Mwambo unayenda bwino, sindinafune kuchititsa mwana wanga manyazi. Mnyamatayo ndi mkamwini wanga tsopano, amaphunzitsa kusukulu ina kufupi ndi kwawo, ndipo sindinamupezepo chifukwa. Koma Lolemba lake kumsika ndinawoloka kanjira kaja n'kukaima pamaso pa amake mapasa.

"Ndiye munayamba ndinu kapena anayamba okha?"

"Asisi, ine ndinangomva ngati mmene munamvera inu."

"Usiku uja m'galimoto munali mukudziwa."

"Ndinali ndi mutu."

"Bwanji simunanene kuti ndi mwana wanu, pamene ndinkamufunsa kwawo inu muli pomwepo?"

Anatenga mbale, n'kuyeza mtedza, n'kuthira m'pepala, n'kuwonjezera dzanja lina pamwamba.

"Mukanamuthamangitsa tsiku lomwelo," anatero. "Tengani aka mukakazinge, asebele, poti ana athu atilumikiza."

Ndinaima pang'ono, kenako ndinalandira mtedzawo, chifukwa pabenchi langa panali patafika munthu amene ankatembenuza madiresi, ndipo panalibe womuyang'anira.